Zija ndinafunsa za milu ya matope pansi pa nyanja

Masiku apitawa ndinafunsa chifukwa chake milu ina ya matope pansi pa nyanja, m'mphepete mwa makontinenti, imagona chopingasa m'malo motsetserekera kunsi. Ena munati ndi zigumukire za pansi pa madzi. Zigumukirezo zilikodi, koma izo zimakankhira dothi kunsi. Chimene chimaliyala chopingasa ndi madzi akuya oyenda chotsata m'mbali mwa phompho, ngati mmene akalozera amayendera m'munda wa pamtsetse. Akatswiri a sayansi Heezen, Hollister ndi Ruddiman anazifotokoza mu 1966, ndipo dothi lotere akatswiri amalitcha contourite.

Malo amene andigwira mtima ndi Gulf of Cadiz, chigawo cha nyanja ya Atlantic kum'mwera kwa Portugal ndi kum'mwera chakumadzulo kwa Spain. Madzi a m'nyanja ya Mediterranean ndi amchere kwambiri, choncho ndi olemera. Akangotuluka pa Gibraltar, mpata wopapatiza wolumikiza nyanja ziwirizi, amamira pansi pa madzi a Atlantic, kenako kuzungulira kwa dziko kumawakhotetsera kudzanja lamanja, n'kumayenda chokhula phompho la Spain ndi Portugal. Pafupi ndi Gibraltar, pomwe ali ndi liwiro, amakokolola pansi n'kusiya mchenga ndi timiyala. Akafooka kutsogolo amatula matope osalala, ndipo mulu wa Faro Drift, kum'mwera kwa Portugal, unakula chonchi, pang'onopang'ono.

Kumapeto kwa 2011 mpaka kumayambiriro kwa 2012, sitima ya kafukufuku ya JOIDES Resolution inaboola milu imeneyi n'kutulutsa dothi lotalika makilomita oposa 5 mukaliphatikiza. Kukula kwa timchenga take kumasonyeza nthawi imene madziwo ankathamanga ndi imene ankafooka, ndipo kwa ine apa m'pamene pali phindu lenileni la kafukufukuyu. Akatswiri a pa sitimayo anapezanso mchenga wochuluka kuposa mmene ankayembekezera.