Kodi kadziko kakang'ono ngati Switzerland kanatulutsa bwanji ma architect ambiri chonchi?

Tadala_M:
Moni akuluakulu. Ndili chaka choyamba cha architecture ndiye tauzidwa kuti aliyense asankhe dziko limodzi alembe za anthu ake otchuka pa zomangamanga, ine ndatenga Switzerland. Koma mutu ukuzungulira chifukwa mayina akungotuluka osatha, Le Corbusier, Zumthor, Botta, Herzog ndi de Meuron, ndiye ndamvanso kuti ngakhale zilembo za Helvetica zija tili nazo pa kompyuta zinachokera komweko. Anthu ake ndi pafupifupi 9 miliyoni basi, mapiri okhaokha, zimatheka bwanji zimenezi? Ndi ndalama chabe kapena pali chinanso? Komanso Le Corbusier uyu ena akuti ndi wa ku France ena akuti wa ku Switzerland, zoona zake ndi ziti? Ndithandizeni chonde.

Mmisiri_Wakale:
A Tadala, onse awiriwo akunena zoona. Bamboyu anabadwira ku Switzerland mu 1887, m'tauni yopanga mawotchi ya La Chaux-de-Fonds, dzina lake lenileni Charles-Édouard Jeanneret. Anasamukira ku Paris mu 1917, dzina loti Le Corbusier analitenga mu 1920, unzika wa France anaupeza mu 1930. Koma a Swiss sanamutaye, nkhope yake inakhalapo pa ndalama yawo ya mafranki 10.

Tsopano funso lanu lalikulu lija. Ine ndimaona kuti chinsinsi chili m'manja. Tawaonani anthu amenewa mmodzimmodzi momwe anayambira. Le Corbusier analibe digiri ya architecture, anayamba ndi kuphunzira kuzokota zokongoletsa pa zivindikiro za mawotchi, bambo akenso ntchito yawo inali ya mawotchi yomweyo, ndi mphunzitsi wake Charles L'Eplattenier amene anamukankhira ku zomanga nyumba. Za konkire yolimbitsa ndi zitsulo anakaziphunzirira pa ntchito kwa Auguste Perret ku Paris. Peter Zumthor anayamba ngati kalipentala wa mipando ndi makabati, ntchito ya bambo ake. Mario Botta anasiya sukulu ali ndi zaka 15 nkukayamba kujambula mapulani mu ofesi ina ku Lugano, yunivesite anapita pambuyo pake ku Venice. Max Bill anaphunzira kusula siliva asanapite ku Bauhaus, sukulu yotchuka ya zojambula ndi zomangamanga ya ku Germany. Ndipo mpaka lero achinyamata ambiri kumeneko, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse, akamaliza sukulu yokakamiza amakaphunzira ntchito kwa mmisiri kapena pa kampani uku akupita ku kalasi masiku ena, ndipo palibe amawaona ngati olephera.

Munthu amene wagwirapo thabwa nkuliona likupindika ndi chinyezi sajambula zinthu zosatheka. Komanso akajambula chinthu chovuta amapeza omanga oti achimange ndendende momwe wachifunira. Anthu amaiwala mbali imeneyi, pulani yabwino popanda amisiri abwino imathera pa pepala.

NaPhiri_Designs:
Ndikugwirizana nanu akulu, ndipo ku mbali yathu ya zilembo ndi zikwangwani nkhani yake ndi yomweyo. Max Miedinger amene anajambula Helvetica mu 1957 anayamba ndi ntchito yondandalika zilembo za chitsulo m'nyumba yosindikizira mabuku ku Zürich. Zilembo za Helvetica anazipanga limodzi ndi Eduard Hoffmann wa kampani ya Haas kufupi ndi Basel, poyamba zinkatchedwa Neue Haas Grotesk, dzina loti Helvetica linabwera mu 1960. Lero mukakwera sitima zapansi ku New York zikwangwani zake ndi zilembo zimenezi.

Koma ine mtima wanga uli kwa Adrian Frutiger. Nayenso anaphunzira ntchito yosindikiza ku Interlaken, anatulutsa zilembo za Univers chaka chomwecho cha 1957, kenako anapanga zilembo za pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris. Taganizani munthu akuthamanga ndi chikwama, ndege yatsala pang'ono kunyamuka, akuwerenga chikwangwani chili patali komanso akuchionera cham'mbali, zilembo ziyenera kuwerengeka nthawi yomweyo osasokoneza c ndi e kapena 3 ndi 8. Ntchito ya Frutiger inali imeneyo, ndipo munthu wothandizidwayo sadziwa nkomwe kuti pali wina anamuganizira. Zimandikhudza kwambiri zimenezi.

A Tadala musaiwalenso wotchi ya m'masiteshoni a sitima, ya Hans Hilfiker ya mu 1944. Ilibe manambala, timizere takuda basi pa nkhope yoyera. Muvi wofiira wa masekondi unawonjezedwa pambuyo pake, umazungulira masekondi pafupifupi 58 ndi theka kenako nkuima kaye pamwamba kudikira chizindikiro cha magetsi chochokera ku wotchi yaikulu, kuti mawotchi onse a m'masiteshoni asinthe mphindi nthawi imodzi. Apple inaika wotchi yofanana nayo pa iPad mu 2012 ndipo mapeto ake inachita kugwirizana ndi kampani ya sitima ya SBB kuti ilipire chilolezo.

Chiko_88:
Pepani ndikhala wotsutsako pang'ono. Za manja ndi zoona koma tisazikokomeze. Jacques Herzog ndi Pierre de Meuron sanapale thabwa, onse anabadwa mu 1950 ku Basel, anadziwana ali ana, anapita ku ETH Zürich sukulu yapamwamba ya zaumisiri yomwe inatsegulidwa mu 1855, nkutsegula ofesi yawo mu 1978. Ndipo ndi iwowa amene amanga zinthu zikuluzikulu, Tate Modern ku London mu 2000 komwe anasandutsa nyumba yakale yopangira magetsi kukhala myuziyamu, sitediyamu ya Allianz Arena ku Munich, sitediyamu ya Olimpiki ya ku Beijing ya mu 2008 ija amaitcha chisa cha mbalame. Ndiye ndalama ndi sukulu zabwino zilipo ndithu pa nkhaniyi. Dzikoli silinagumulidwe pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, komanso nyumba zambiri za boma monga masukulu zimadutsa pa mpikisano wa mapulani, moti wachinyamata wopanda dzina amatha kupambana nkuyambira pamenepo.

Chachiwiri, Le Corbusier musamulembe ngati woyera mtima chonde. Mu 1925 anabweretsa pulani yotchedwa Plan Voisin yoti agumule chigawo chachikulu cha pakati pa Paris nkuimikapo nsanja 18, mwamwayi sizinatheke. Villa Savoye ya ku Poissy yomwe aphunzitsi amaikonda ija, yoima pa zipilala, mawindo ataliatali chopingasa, dimba pa denga, inkadontha koopsa moti mayi mwini nyumba ankamulembera makalata odandaula za mvula yolowa mkati. Pa nthawi ya nkhondo anapita ku Vichy kukafuna ntchito kwa boma lomwe linkagwirizana ndi a Nazi, ndipo m'makalata ake ena muli mawu oipa onena za Ayuda. Zimenezi ndi mbali ya moyo wake, zilembedwe.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa, anthu amene anagwira ntchito dzina nkupita kwa wina. Mzinda wa Chandigarh ku India aliyense amati ndi wa Le Corbusier, koma amene anakhalako zaka zoposa khumi akuyang'anira ntchito tsiku ndi tsiku, kujambula nyumba zogona, masukulu ndi mipando, ndi msuweni wake Pierre Jeanneret wobadwira ku Geneva. Atamwalira mu 1967 phulusa lake linakawazidwa pa nyanja ya Sukhna komweko monga anafunira. Mipando yotchuka ya zitsulo ya mu 1928 Le Corbusier ndi Jeanneret anapangira limodzi ndi Charlotte Perriand, mayi wa ku France. Ndipo pa mndandanda wanu a Tadala mulibe mzimayi ndi mmodzi yemwe, fufuzani za Lux Guyer, anatsegula ofesi yakeyake ku Zürich mu 1924 ndipo anatsogolera mapulani a chionetsero cha ntchito za amayi cha SAFFA ku Bern mu 1928. Kumbukirani kuti amayi a ku Switzerland anayamba kuvota pa zisankho za dziko mu 1971, ndiye muone nokha kuti mayiyu ankalimbana ndi zotani.

Mmisiri_Wakale:
A Chiko mwanena zoona, za Vichy ndi za denga lodontha palibe angakane. Ine ndingowonjezera kuti munthu yemweyo ndi amene anamanga Unité d'Habitation ku Marseille, yomwe inatha mu 1952, nyumba zogona 337 m'chinyumba chimodzi, mashopu mkati, malo osewerera ana pa denga, panthawi yomwe France inali ndi vuto lalikulu la nyumba nkhondo itangotha. Ndi tchalitchi cha Ronchamp cha mu 1955 chokhala ndi makoma okhuthala opindika, chosafanana nkomwe ndi mabokosi oyera a unyamata wake. Mu 2016 UNESCO inaika ntchito zake 17 za m'maiko 7 pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Le Corbusier mwini wake ankapuma m'kanyumba ka matabwa ka mamita 3.66 mbali zonse ku Roquebrune-Cap-Martin, ndipo anafera konko mu 1965 akusambira m'nyanja. Lembani zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

Yami_K:
Abale ine ndabwerera Zumthor basi, mundilole ndikambe zambiri chifukwa munthu ameneyu ndi amene anandichititsa kukonda ntchitoyi. Anabadwa mu 1943 ku Basel, ndipo asanatsegule ofesi yake mu 1979 anagwira zaka pafupifupi khumi ku nthambi yosamalira nyumba zakale m'chigawo cha Graubünden, kuyendayenda m'midzi ya m'mapiri kuyeza ndi kujambula nyumba za alimi, ndiye anadziwa momwe anthu akale ankalumikizira mwala ndi mtengo asanayambe kumanga zake. Ofesi yake ili m'mudzi waung'ono wa Haldenstein mpaka pano, sathamangira ntchito iliyonse, nyumba zake ndi zowerengeka koma anapata mphoto yaikulu ya zomangamanga ya Pritzker mu 2009.

Tengani Therme Vals, malo osambira madzi otentha a m'kasupe omwe anatsegulidwa mu 1996. Eni ntchito anali mudzi wa Vals womwewo, anthu pafupifupi chikwi chimodzi. Iye anatenga mwala wa quartzite wokumbidwa m'chigwa chomwecho, zidutswa pafupifupi 60,000 zocheka mopyapyala nkuzisanja china pamwamba pa chinzake, denga analiphimba ndi udzu moti ukaima pamwamba pa phiri nyumbayo siioneka bwino, ndipo kuwala kumalowera m'timipata topapatiza ta pa denga nkumatsetsereka pa khoma la mwala mpaka pa madzi. Palibe penti, palibe chokongoletsa chomata, mwala womwewo ndi umene wanyamula kukongola konse.

Koma imene imandithera mawu ndi kachalichi ka Bruder Klaus ku Germany, ka mu 2007, kamene banja la alimi linamupempha kuti awamangire m'munda mwawo. Anaimika mitengo 112 moyedzamirana ngati msasa, alimiwo ndi anzawo nkumathira konkire kuzungulira mitengoyo, mizere 24 mpaka kufika mamita 12, kenako anayatsa moto wonyeka pang'onopang'ono mkatimo kwa milungu itatu mpaka mitengo inauma nkuchotsedwa. Chotsala ndi khoma lakuda lokhala ndi zidindo za makungwa, pamwamba pali bowo losatseka, mvula imagwera mkati. Ndiye a Chiko mukati ndalama ndikumva, koma apa panalibe chuma chambiri, panali munthu wodziwa khalidwe la mtengo, moto ndi simenti.

Tadala_M:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zambiri. A Chiko za Lux Guyer ndi Pierre Jeanneret ndiziikamo ndithu. Funso lina laling'ono, ndaona kuti Botta dzina lake likumveka ngati la ku Italy, iyeyu akulowa pati pa nkhaniyi? Ndipo mainjiniya a milatho ndingawaikemo kapena ndi nkhani ina?

Chiko_88:
Botta ndi wa ku Ticino, chigawo cha kummwera komwe amalankhula Chitaliyana, anabadwira ku Mendrisio mu 1943. Chigawo chimenechi chili ndi mbiri yakeyake ndipo apa ndivomere kuti ikugwirizana ndi mfundo ya akulu aja, kwa zaka mazanamazana midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Lugano inkatumiza osema miyala ndi omanga kunja chifukwa kwawo kunali umphawi. Francesco Borromini wobadwira ku Bissone mu 1599 anayamba ngati wosema miyala nkudzakhala katswiri wa matchalitchi a ku Rome. Carlo Maderno amene anamanga kumaso kwa tchalitchi cha St Peter's anali wa komweko, Domenico Trezzini anakamanga ku St Petersburg nthawi ya Peter the Great, mfumu ya ku Russia. Botta yekha muyang'ane myuziyamu ya SFMOMA ku San Francisco ya mu 1995 ndi tchalitchi cha ku Mogno, chomwe anamanga ndi mizere ya mwala woyera ndi wotuwa pamalo pa chakale chimene chinakokoloka ndi sinowo wogumuka m'phiri mu 1986.

Mainjiniya aikenimo, kumeneko milatho ndi nkhani ya moyo chifukwa cha zigwa. Robert Maillart anamanga mlatho wa konkire wa Salginatobel mu 1930, wopyapyala modabwitsa, ndipo anapambana ntchitoyo chifukwa pulani yake inali yotchipa kuposa ena onse. Othmar Ammann anasamukira ku America nkukamanga milatho ya ku New York, George Washington Bridge mu 1931 ndi Verrazzano mu 1964. Ngati aphunzitsi anu anakupatsani malire a masamba, sankhani anthu anayi kapena asanu okha muwalembe mozama, ndipo pa Herzog ndi de Meuron mutchulenso holo ya zoimbaimba ya Elbphilharmonie ya ku Hamburg yomwe inatsegulidwa mu 2017 mochedwa zaka zingapo, mzindawo utalipira pafupifupi mayuro 789 miliyoni pomwe poyamba ankanena 77 miliyoni.