Kodi n'zoona kuti mwana wanga ali ndi Asperger's?

Mayi wa ku Rosettenville

Abale anzanga, ndikupempha nzeru kwa amene munadutsamo kale. Mwezi wathawu dokotala wina anatiuza kuti mwana wathu wamwamuna wa zaka 8 ali ndi Asperger's syndrome (vuto limene limachititsa mwana kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu ena), atangomuona kwa nthawi yosakwana ola limodzi, ndipo mtima wanga ukukana kuvomereza. Mwanayu anayamba kulankhula pa nthawi yake, amawerenga kuposa anzake a m'kalasi, ndiponso amatchula pamtima masiteshoni onse 10 a Gautrain, sitima yapamtunda yoyenda pakati pa kuno ku Johannesburg ndi Pretoria, osaphonya ngakhale imodzi. Dokotalayo analemba kuti mwana sayang'ana anthu m'maso, chonsecho ife tinamulera mwa kwathu, kumene mwana waulemu amazolika akamalankhula ndi wamkulu. Kuwonjezera apo, kunyumba amamva Chichewa, kusukulu Chingerezi, pabwalo Chizulu. Sindibisa kuti tikafika pa renki ya matekisi amatseka makutu n'kuyamba kulira, ndipo kusukulu alibe mnzake weniweni. Agogo ake ku Dedza akuti watengera manyazi a bambo ake. Ndimvere ndani?

Bambo wa ku Yeoville

Mayi, ululu umenewu ndikuudziwa, chifukwa inenso ndinakana kwa chaka chathunthu zimene anatiuza za mwana wanga woyamba. Komabe ndikuuzeni mosabisa mawu kuti zimene mukuziona ngati umboni woti dokotala walakwitsa ndi zomwe zimaoneka mwa ana ambiri oterewa: salankhula mochedwa, nzeru zawo n'zabwinobwino, ndipo amakonda chinthu chimodzi mpaka kuchidziwa mopitirira. Wanga anali wa mapu. Chimene chinanditsegula maso ndi tsiku limene ndinakhala pambali n'kumamuonerera akusewera ndi ana anzake, osati akulankhula ndi akuluakulu. Iye ankangolakatula za mapu ake, osazindikira kuti anzakewo atopa ndipo achoka. Mwana wamanyazi amamasuka akazolowera anthu, koma wanga sankasintha ngakhale pakati pa asuweni ake. Za zinenerozo musade nazo nkhawa. Kumva zinenero zingapo sikuyambitsa vutoli, choncho musaleke kumulankhula Chichewa.

Mphunzitsi wa ku Turffontein

Achemwali, kukayika kwanu kuli ndi maziko, ndipo ndinu oyenera kupempha kuti katswiri wina amuonenso mwanayo. Dzina loti Asperger's linachokera kwa Hans Asperger, dokotala wa ana wa ku Vienna amene anafotokoza za ana oterewa mu 1944. Kuyambira mu 2013 buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5 linasiya kuliwerenga ngati vuto lapalokha, n'kuliika m'gulu la mavuto a kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism spectrum disorder, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachitanso chimodzimodzi m'buku lake la matenda lotchedwa ICD-11. Choncho mufunse kuti pa lipoti palembedwa chiyani kwenikweni, chifukwa sukulu imatsatira zolembedwazo.

Kuyeza koyenera kumatenga nthawi. Amafunsa makolo mbiri ya mwana kuyambira ali wakhanda, amamva kwa aphunzitsi ake, amayeza makutu, ndipo nthawi zambiri amamuonerera pa masewera okonzedwa mwapadera otchedwa ADOS. Nkhani ya kuzolika ija muifotokoze momveka, popeza woyeza amene sadziwa mwambo wathu akhoza kuumasulira molakwika. Koma mudzifunsenso ngati mwanayo amakuyang'anani inuyo kapena azibale ake akafuna kukuonetsani chinthu chimene chamusangalatsa, chifukwa pamenepo mwambo sumuletsa. Yambani ku kiliniki ya kwanuko kuti akulembereni kalata yopita kwa akatswiri, ndipo bungwe la Autism South Africa, lomwe lili konkuno ku Johannesburg, limalangiza makolo.

Mayi wa ku Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse awiri. Funso lanu lija, aphunzitsi, landigoneka mochedwa, chifukwa ndikaganiza bwino, ngakhale mlongo wake wamng'ono samuyang'ana kawirikawiri. Ndapempha aphunzitsi ake kuti andilembere zimene amaona pa nthawi yopuma, ndipo Lolemba ndipita ku kiliniki ndi lipoti lija pamodzi ndi buku lake la kusikelo.