Kapepala ka m'boti: zingwe ndi mfundo ndizilembe bwanji m'Chingerezi?

Wa ku Chembe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Abwana akufuna kapepala ka Chingerezi komata m'boti, poti alendo amakonda kutithandiza kumangirira tikamakocheza. Ndalemba kuti "Tie the rope strong with a knot", koma sizikumveka bwino m'khutu. Komanso mfundo zomwe amamanga zimachita kufuna mano pomasula, makamaka chingwe chikanyowa.

Wa ku Monkey Bay:
Achimwene, strong yo chotsani, pomanga amati tight. Chingwe chikakhala pa ntchito m'boti, amalinyero amachitchula line, ndiye chanucho ndi mooring line. Kumangirira amati make fast, kumasula ponyamuka cast off.

Wa ku Durban:
Make fast ndi yoona, pa doko kuno timaimva tsiku ndi tsiku. Koma bambo, mlendo wamba aganiza kuti mukumufulumizitsa, ndipo amanga mwaphuma. Kwa iye rope ndi tie up zakwana. Vuto lanu lenileni ndi knot, chifukwa mwamusiyira kuti asankhe yekha mfundo. Itchuleni dzina. Yomangira pa nsichi kapena pa mphete ndi hitch, yolumikiza zingwe ziwiri ndi bend.

Wa ku Chembe:
Zikomo mayi. Nanga ija timazunguliza kawiri pa nsichi, kenako n'kumanga timfundo tiwiri pa chingwe chomwecho?

Wa ku Durban:
Round turn and two half hitches. Lembani imeneyo, imamasulika ngakhale boti likukoka. Clove hitch ndi yachangu, koma mwera ukayamba kugwedeza boti imatha kukhwepa. Bowline, ya chibowo chosathina ija, ndi yabwino, kungoti simungaimasule chingwe chili chokungika. Poitchula muziti bolini.

Wa ku Nkhata Bay:
Ine pempho langa ndi limodzi: reef knot, mfundo wamba ija yopingasa nsonga ziwiri kawiri, isapezeke polumikiza zingwe, imapulumuka ikakokedwa. Zingwe zosiyana kunenepa zimafuna sheet bend, yomwe ija timasokera ukonde. Muike ndi chithunzi, ambiri mayinawa sawadziwa ngakhale Chingerezi n'chawo.

Wa ku Chembe:
Ndiye ndalemba chonchi: "Tie the boat up to the post with a round turn and two half hitches. Leave a little slack."

Wa ku Monkey Bay:
Zaoneka bwino. Slack yo isachoke, chingwe chikakungika kwambiri mafunde amagwedeza nsichi mpaka kuizula. Onjezerani kuti "Keep your fingers out of the loops", chala cha mlendo chisapanike boti likakoka.