Thandizeni amayi, mng'ono wanga wasintha chibereke mwana

Amayi anzanga muli bwanji, ndili ndi funso. Mng'ono wanga amakhala ku Chawama ku Lusaka, anabereka miyezi 2 yapitayo koma manje amangolira, sagona ngakhale mwana atagona, nsima sakudya, dzulo anandiuza kuti sakumva chikondi pa mwana wake ndiye ine mtima unangoti phwii. Apongozi ake akuti ndi ulesi, ena akuti amulodza, ine zimenezo ayi.

Nesi ku kiliniki anatifotokozera kuti nsengwa ikangotuluka mahomoni a estrogen ndi progesterone amatsika mwadzidzidzi m'masiku ochepa, ndiye ubongo umasokonezeka, mankhwala a muubongo ngati serotonin ndi GABA omwe amakhazika mtima pansi sagwira ntchito bwino. Akuti kulira kwa masiku oyamba kumatha pasanathe masabata 2, zikapitirira ikhoza kukhala depression yeniyeni, matenda a kukhumudwa.

Funso langa, alipo anamwapo sertraline, mankhwala a depression, uku akuyamwitsa? Mwana anali bwinobwino? Nanga tiyambire ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, poti mwini wake akangomva Chainama akuti tikumuyesa wamisala, amuna ake nawonso angoti zii.