Agulugufe anga akuchita chuku m'bokosi lagalasi, ndithandizeni

Moni akuluakulu nonse. Ndikukonza bokosi lagalasi loonetsera tizilombo touluka takufa toumitsa m'kachipinda kathu kosungiramo zachilengedwe, momwe ana asukulu amabwera kudzaona. Ndili ndi agulugufe, ziwala, zikumbu zingapo ndi nyenje ziwiri.

Kubaya tizilomboti ndi mapini ndinakuphunzira: gulugufe pakati pa chifuwa, chikumbu paphiko lolimba lakumanja. Mapiko ndimawayala pathabwa lokhala ndi kamngalande pakati, n'kuwapanikiza ndi timapepala kwa masabata awiri. Mpaka pamenepa zinkayenda.

Mavuto ayamba ndi dzinjali. Dzulo nditatsegula bokosi ndapeza chuku choyera ngati thonje chitakuta mimba za ziwala, ndipo pansi pa gulugufe wamkulu wa mtundu wa Charaxes, amene ndimamunyadira kwambiri, pali kafumbi kabulauni. Mtima unangoti myuu. Ndikudziwa kuti kafumbi kotere ndi chizindikiro chakuti mphutsi za tizikumbu ta Anthrenus zikumudya m'kati.

Ndiye ndifunse. Ndikawaika agulugufewa mufiriji yozizira kufika -20°C kuti mphutsizo zife, akhalemo masiku angati, ndipo ndiwatulutse bwanji kuti asachite thukuta n'kunyowanso? Chukucho ndingachipukute ndi sipiriti pakaburashi, kapena mamba a pamapiko angayoyoke? Nanga silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, angakwanire kuumitsa bokosi nyengo ino?

Chinanso ndi mapini. Ndinagwiritsa ntchito a telala, pano achita dzimbiri ndipo akudetsa matupi. Kodi ndingafewetsenso tizilomboti pamchenga wonyowa n'kusintha mapiniwo osathyola tinyanga? Amene munachitapo zimenezi, chonde ndiuzeni poyambira, ana akubwera mwezi wamawa.