Kuchita maere posankha mwana woyamba naye pa kafukufuku wa ana ochepa

Mphunzitsi wa ku Chipata:
Aphunzitsi anzanga, ndili ndi ana anayi a Giredi 3 amene akuvutika kuwerenga Chinyanja, ndipo ndikufuna kuyesa njira ina yophunzitsira maphatikizo. Tsiku lililonse ndizilemba chiwerengero cha mawu amene mwana wawerenga bwino pa mphindi imodzi, kenako anawo ayambe njirayo mmodzimmodzi pa masabata osiyana, monga zimakhalira mu multiple baseline design. Amene akuyang'anira kafukufukuyu akuti woyamba ndi wotsiriza asankhidwe mwa maere. Kodi owadziwa anawa si ine?

Mphunzitsi wa ku koleji:
Aphunzitsi, kuwadziwa kwanuko ndiye kumene kungakusokeretseni. Chifundo chidzakukokerani kwa mwana amene wangotsika kwambiri sabata imeneyo, pamene mwana woteroyo kawirikawiri amakweranso yekha, ndipo inu mudzayamikira njira yanu pa zimene sinachite. Maere amatseka khomo limeneli, ndiye mfundo imene akatswiri a kafukufuku Kratochwill ndi Levin anaikamo mtima mu 2010, potsatira ntchito ya katswiri wina, Edgington. Palinso masamu ake. Ana anayi angasanjidwe m'njira 24, choncho ngati zotsatira zanu zaposa masanjidwe ena onse, p (mwayi woti zotsatira zotere zibwere mwangozi chabe) imakhala 1/24, pafupifupi 0.042. Akanakhala atatu, njira zikanakhala 6 zokha, ndipo simukanafika pansi pa 0.05, malire amene ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito, ngakhale anawo atasintha chotani.

Mphunzitsi wa ku Katete:
Masamuwo sindikutsutsa, koma ife tinaphunzitsidwa kudikira kuti baseline, kutanthauza miyeso ya mwana asanayambe njira yatsopano, ikhazikike tisanayambe. Nanga tsiku loyambira likakwana mwanayo akukwera ndi kutsika, kapena wajomba sabata yonse chifukwa cha malungo kapena kupalira, titani? Chimandiwawanso n'chakuti wovutikitsitsa angathe kukhala wotsiriza.

Mphunzitsi wa ku koleji:
Nkhawa yanu ndi yoona, ndipo maere saithetsa yonse. Chofunika ndi kulemba malamulo musanayese mwana aliyense: baseline isachepere miyeso isanu, monga What Works Clearinghouse, nthambi ya boma la America younika kafukufuku wa maphunziro, inkafunira pa gawo lililonse la kafukufuku mu 2010, ndipo tsiku limene mwana wajomba lisiyidwe losalemba. Mayina alowe m'chipewa pamaso pa ahedi, ndipo chimene chatuluka chisasinthidwe. Wotsirizayo apitirize maphunziro a masiku onse podikira.

Mphunzitsi wa ku Chipata:
Zikomo. Ndiyamba temu yachiwiri, mvula itatha, kuti kujomba kuchepe, ndipo makolo ndiwafotokozera za chipewacho ndisanachigwedeze.