Mabasi a sukulu kumangolira pageti ana akupuma utsi, tipange bwanji?

MayiWaAwiri:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 7 ndipo amadwala mphumu, kusukulu amapita pa basi ya dizilo yakalekale ija ikamanyamuka kumbuyo kumangoti bii ndi utsi. Chikundiwawa kwambiri nchakuti nthawi yoweruka mabasi amafika msanga nkundanda pageti injini zili chilirire, mwina mphindi 20 kapena kuposa, ana ataima pompo kudikira kukwera. Dzana ndinakamutenga ndekha, ndinangoima pang'ono chabe koma kukhosi kunayamba kuyabwa ndiye ndikuti nanga iye tsiku ndi tsiku? Usiku amatsokomola, mankhwala opopera aja tikugwiritsa ntchito pafupipafupi kuposa kale, koma akatsekera sukulu zimachepa. Sindikufuna kukangokalipa kwa aphunzitsi, ndikufuna ndipite ndi zomveka. Kodi utsiwu ungakhale ukuonjezera vutoli? Nanga ndikapemphe chani chotheka, poti za basi yatsopano ndikudziwiratu akandiuza kuti ndalama palibe.

NesiWaAna:
Mayi pepani ndi mwanayo, ndipo simukudandaula zachabe ayi. Utsi wa dizilo uli ndi timwaye ting'onoting'ono tomwe amati PM2.5, tosaoneka ndi maso nkomwe, timadutsa mphuno nkukafika mkatikati mwa mapapo ndipo tina timalowa mpaka m'magazi. Mulinso mpweya wa nitrogen dioxide womwe umatupitsa njira za mpweya, kwa mwana wa mphumu ndiye kubanika kumayambira pamenepo. Ana amapuma mothamanga kuposa ife akulu, mapapo awo akadali kukula, komanso taonani msinkhu wawo, mphuno ya mwana ili pafupi ndi ekizosi kuposa yanu. Mu 2012 nthambi ya WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse) yofufuza za khansa, IARC, inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mapapo. Ku London kunali kamtsikana ka zaka 9, Ella Adoo-Kissi-Debrah, kanamwalira ndi mphumu mu 2013 ndipo mu 2020 ofufuza za imfa yake anagamula kuti mpweya woipa wa pamsewu waukulu womwe ankakhala nawo pafupi unathandizira imfayo. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti mukalankhule molimba mtima. Muyambe kulemba masiku omwe akupopera ndi masiku omwe wakwera basi, zimenezo mukaonetse adokotala ake komanso ahedi.

MekanikoWamabasi:
Ine ndimagona pansi pa magalimoto amenewa ndiye ndinenepo. Choyamba chosalira ndalama ndi kuthimitsa injini basi ikaima. Basi yaikulu ikamangolira poima imatha kumwa pafupifupi malita 2 pa ola osapita kulikonse, ndiye eni akewo mukawauze kuti akuotcha ndalama zawo zomwe, apo amamva msanga kuposa mukanena za chifuwa.

Koma chomwe ambiri sadziwa nchakuti utsi suli panja pokha, umalowanso mkati momwe ana akhala. Paipi ya ekizosi ikabooka pansi, kapena pansi pa basi pakakhala mabowo, malabala a chitseko ndi mawindo atatha, utsi umakwera nkudzadza mkati. Injini zakale zilinso ndi kapaipi kopumira komwe kamatulutsa nthunzi ya oilo pansi pomwepo, basi ikaima nkutsegula chitseko zonsezo zimalowa, pali kafyuluta kotsekera pamenepo ndipo sikavuta kuika. Utsi wakuda bii mukunenawo nthawi zambiri ndi ma injekita otopa kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka, injini ikulandira dizilo wambiri mpweya wochepa, sevisi yabwino imachepetsa kwambiri. Ndiye palinso DPF, fyuluta yoika ku ekizosi yomwe imagwira mwaye woposa 85 peresenti, koma chenjerani imafuna dizilo wa salufa wochepa kwambiri, ku America anatsitsa salufayo kufika 15 ppm (magawo 15 pa miliyoni) mu 2006, ku Ulaya ndi 10 ppm. Mukaiika nkumathira dizilo wa salufa wambiri imatsekeka, kenako anthu amangoichotsa nkutaya, ndaziona ndi maso angawa.

DraivaWaAna:
Achimwene mwanena zoona koma mutimvenso ifeyo. Sikuti timasiya injini ikulira chifukwa cha nkhanza ayi, ana amenewa timawakonda, ndipo utsiwo ifenso timaupuma tsiku lonse. Basi yomwe ndinkayendetsa ine batire inali yofooka, sitata yovuta, ukathimitsa pageti ndiye kuti uyambe kufuna anthu okankha ana akuonerera. China mabuleki ndi a mpweya, amafuna injini ilire kaye kuti presha ikwere. Ndiye mayi mukapita kumeneko musakathere pa draiva, mukanene kuti eni basi akonze batire ndi sitata, apo ayi lamulolo lidzangokhala papepala.

MekanikoWamabasi:
Eya bambo apo mwalasa. Koma presha ikamathawa pa mphindi 20 zokha basi itaima ndiye kuti penapake pakutuluka mpweya, imeneyo ndi ngozi ina payokha, ikonzedwe msanga. Yabwinobwino imangofuna mphindi zochepa musananyamuke.

Mphunzitsi_T:
Kwathu kusukulu tinangosintha poimika, mabasi amaima kutali ndi mawindo a makalasi ndipo sagundizana mphuno ndi kumbuyo kwa inzake chifukwa ya kumbuyoyo imameza utsi wonse wa yakutsogolo. Ana amadikira mkati mwa mpanda mpaka injini zitathima ndiye nkukwera. Za mabasi a magetsi ndi zabwino zedi poti alibe ekizosi, ku America boma linapatula madola 5 biliyoni kuti kuyambira 2022 mpaka 2026 asinthe mabasi akale a sukulu, koma mwana wanuyo sangadikire zimenezo.

MayiWaAwiri:
Zikomo nonse, ndalemba zonsezi pakapepala ndipo ndapeza makolo ena atatu oti tipitire limodzi kwa ahedi Lachisanu. A draiva mwanditsegula maso, ndikanakalakwira munthu wosalakwa. A mekaniko funso limodzi, ndingadziwe bwanji ngati utsi ukulowa mkati poti ine zamagalimoto sindizidziwa?

MekanikoWamabasi:
Pemphani mukwere nawo tsiku limodzi, mukhale mipando ya kumbuyo mawindo ali otseka. Mukamva fungo la dizilo kapena maso kuyabwa ndiye kuti ukulowa. Muyang'anenso m'makona a pansi ndi m'mbali mwa chitseko, mupititsepo chala, chikada ndi mwaye mujambule pafoni mukawaonetse eni basiwo.